Gwirani Chitsulo Musanaponde Pansi

Mtsikana wothira mafuta pa filingi siteshoni ija anzake ankamutcha Kamoto, chifukwa sankachedwa kupsa mtima. Koma tsiku limene anakumana ndi bambo wa galimoto yofiira, anaseka mpaka misozi.

Bamboyo anatsika mwamatama, n'kugwira chitseko kuti atseke. Anadumpha ngati waponda khala.

"Galimoto iyi imadana nane," anatero akukupiza zala. "Tsiku lililonse shoko."

"Si galimoto, ndi zovala zanu zikamakhulana ndi mpando," anatero Kamoto. "Muzigwira chitsulo cha chitseko musanaponde pansi. Mukaimirira, ndiye muzisiya."

"Dokotala wokongola chonchi, ndingamupeze pa nambala yanji ndikadwalanso?"

Mawu otchipa ngati amenewo, komatu anagwira ntchito. Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Kamoto kanga, popanda iwe chakudya sichikoma." Mawa lake: "Chaka chino chisanathe ndikaonekera kwa makolo ako, ndalumbira."

Kamoto anakauza amayi ake. Amayi ake, pakamwa posatsekeka paja, anauza azakhali, ndipo azakhali anauza msewu wonse kuti mwana wawo wapeza banja.

Masana ena galimoto yofiira inaima pa pampu yake. Kamoto anayandikira akumwetulira. Koma amene anatsegula chitseko anali mayi wina, mphete ili ng'aning'ani pachala. Anagwira chitsulo, anaponda pansi, anaimirira, kenako n'kusiya.

"Mwadabwa, achemwali?" anaseka mayiyo. "Anandiphunzitsa ndi amuna anga. Akuti anawauza ndi makaniko."

Makaniko! Mpaka nzeru zake anakazigawa kunyumba ngati ndiwo? Nanga amayi ake akawayang'ana ndi maso ati? Kamoto anamva kuwawa mpaka m'mafupa, koma misozi anaimeza. Kulira akalira mawa. Lero wina aone zakuda.

"Galimotoyi ndi ya amuna anuwo?"

"Yawo? Ndinagula ndekha. Iwo amangobwereka."

"Mayi, sindinkadziwa kuti mulipo. Imikani galimoto kuseri kwa shopu, mumve nokha."

Kamoto analembera bambo uja meseji, mayiyo akuona: "Ndakusowa, bwera." Yankho silinachedwe: "Galimoto ili ku galaja, koma ndikubwera, mtima wanga." Mayiyo anawerenga, anakwera mmwamba kuwerenga mameseji akale aja, n'kubweza foni. Anakaima kuseri kwa chitseko cha shopu.

Bambo uja anafika pa njinga yamoto, atadzithira perefyumu wokwanira anthu atatu.

"Kamoto kanga, duwa langa."

"Tandiuzaninso," anatero Kamoto mokweza, "mukaonekera liti kwathu?"

"Mwezi wamawa. Ndilibe wina padziko pano koma iwe."

"Ine ndine ndani, bambo a ana?" anafunsa mayi uja akutuluka.

Bamboyo anacheuka. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, ngati nkhuku yoti yazingwa pamsewu. Mkazi wake anamupisa m'thumba, n'kutulutsa makiyi a nyumba.

"Zovala zanu mukazipeza panja pa geti," anatero. Galimoto yofiira inatuluka kuseri kwa shopu n'kulowa mumsewu, osaimanso.

Bamboyo anagwada pa simenti yamafuta ija, anzake a Kamoto onse akuonerera.

"Kamoto kanga, tandimvera. Ndatsala ndi iwe wekha."

Kamoto anaona kuti mtima wake ukadamufunabe, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima koposa. Anatenga paipi, n'kukodola galimoto yotsatira.

"Bambo, tasunthani apo. Mukutsekereza makasitomala."