Nyimbo Yoliritsa Mkwatibwi

Piyano ya panyumba yosamalira okalamba ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester ku Mangalande, inali ndi kiyi imodzi yakufa. Munthu akaidina, m'malo molira inkangoti thu! ngati waponda thumba la ufa. Amene ankaigwirako anali Atuweni yekha, mtsikana wa ku Zomba wogwira ntchito pamenepo, yemwe anaphunzira kiyibodi m'kwaya ya kwawo.

Lamlungu lina mu 2018, ali mkati moyimba, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Kodi akutsokomolawo ndinu kapena ndi piyanoyo?"

Chichewa! Atuweni anatembenuka. Pakhomo panaima mnyamata wamtali, mano oyera mbee, atanyamula vayolini.

"Ndine Henderson, nesi ku Nottingham. Ndabwera kudzayimbira agogowa. Dzina lanu ndaliwerenga pa baji, ndiye ndati apa ndapeza kwathu."

"Mmalawi wa vayolini? Mwayamba liti zimenezi?"

"Anandiphunzitsa bambo mfumu wina kusekondale. Koma vayolini popanda piyano ndi mwana wamasiye. Mundilera?"

Atuweni anaseka mpaka kugwira pakamwa. Akanadziwa, akanatseka piyano ija n'kupita kukatsuka makapu.

Pakati pa okalambawo panali Mayi Perl, Myuda amene anabwera ku Mangalande ali kamtsikana pothawa nkhondo ku Poland. Maso anali atafooka, koma makutu ndi lilime zinali zakuthwa ngati lumo. Tsiku lomwelo anatulutsa mapepala a nyimbo m'sutikesi yawo.

"Imbani iyi," anatero m'Chingerezi. "Wopeka wina anatenga nyimbo za m'maukwati a kwathu n'kuzikonza kuti zikhale za vayolini ndi piyano. Chigawo choyambachi kwathu ankachiyimba mkwatibwi atamukhazika pampando, ukwati usanadalitsidwe. Cholinga chinali choti alire, akumbukire kwawo ndi abale ake amene anamwalira. Akapanda kulira, oyimbawo ndiye kuti alephera ntchito. Kuvina kumabwera pambuyo pake."

Nyimboyo inali yovuta. Vayolini inkadandaula ngati munthu wopemphera akulira, kukwera, kutsetsereka, kusisima, pomwe piyano inkayenda pansipansi n'kumaidikira. Ndipo pamalo pomwe nyimbo imafika pachimake, chala cha Atuweni chinkagwera pa kiyi yakufa ija. Thu!

"Usaikonze," Henderson ankatero akuseka. "Imeneyo ndi siginecha yako, Atu wanga."

Sipanapite nthawi, "inu" uja anasanduka "iwe". Lamlungu lililonse akamaliza kuyimba ankakwera basi kupita ku Belgrave Road, kugula samusa, n'kumayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa masitolo a ndolo ndi mphete. Pa Diwali, chikondwerero cha Amwenye, msewu wonse uli nyale zokhazokha, Henderson anamugwira dzanja n'kuloza mphete ina pawindo.

"Ija ikudikira chala chako, duwa langa."

M'kati mwa sabata mauthenga ankagwa ngati mvula ya Januwale. "Dali, ndili pa shifiti koma m'mutu mwanga mukulira piyano yako." Tsiku lina: "Nyimbo ya Mayi Perl ndidzaiyimba tsiku la ukwati wanga, ndipo piyano idzakhala yako. Ndikulonjeza."

Atuweni anauwerenga uthengawo mpaka kuuloweza. Ndani akanakayika? Anali atatopa ndi kachipinda kozizira ka ku Braunstone, atatopa kudya yekha. Ankafuna chinthu chimodzi basi, kukhala mkazi wa Henderson.

Chinthu chimodzi chokha mnyamatayo anapempha.

"Tisawauze kaye anthu. Amalawi a kuno ukuwadziwa, nkhani ikalowa pa gulupu ya WhatsApp mawa ili kale ku Ndirande."

Atuweni anasunga pakamwa. Ngakhale Rozina, mnzake wa ku Zambia amene ankakhala naye nyumba imodzi, sanamuuze.

Mayi Perl okha ndi amene sanakopeke. Tsiku lina Atuweni akuwapesa tsitsi anati, "Mnyamata wakoyo zala ali nazo. Koma sakumvera iwe. Akuthamanga yekha, iwe n'kumamutsatira pambuyo."

"Ndi mmene nyimboyo ilili, Mayi."

"Nyimboyo ndaimva kuyambira ndili mwana. Sili choncho."

Atuweni anangomwetulira, mumtima akuti ukalamba ndi nsanje n'zapachibale. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma munthu amene ali m'chikondi khutu amakhala alibe.

Chilimwe chitayandikira, Henderson anabwera ndi pempho.

"Swithati, mashifiti andipanikiza, sindibwera kwa kanthawi. Undirekodere chigawo chako chokha pafoni, ndizipulakitisa kunyumba. Ndikufuna tsiku lalikululo ndisadzalakwitse."

Tsiku lalikulu! Atuweni anakhala pa piyano ija madzulo amenewo, kuyimba, kufufuta, kuyimbanso, mpaka zinatuluka mmene ankafunira. Anasiya mipata paliponse pomwe vayolini imapumira. Potumiza analemba kuti, "Mtima wanga ndi umenewo, uusamale."

Yankho linabwera msanga: "Ndiwe mngelo."

Kenaka mauthenga anayamba kuchepa. Lamlungu linkafika, vayolini osaoneka.

Loweruka lina Rozina anamupeza ali ndwii pampando.

"Iwe, manje uzankhala chabe mu nyumba monga nkhuku yodwala? Tiye ku Nottingham, kuli kicheni pate ya kazeni wanga Thandi. Mwamuna wake ni Mmalawi munzako, ine sinamuonepo."

Atuweni anadzuka msangamsanga. Nottingham! Mwina pobwerera akanamudzidzimutsa Henderson. Anavala diresi la chitenje limene mnyamatayo ankalikonda.

Basi inawachedwetsa. Pofika pa holo mwambo wolangiza mkwatibwiwo unali utayamba, ng'oma zitasiya kulira. Akuvula majekete m'khonde, m'masipika munayamba kumveka piyano, pang'onopang'ono, pansipansi. Kenaka vayolini inalowa.

Atuweni anaima chilili. Iyayi, nyimbo imodzi amayimba anthu ambiri, anadziuza. Anadikira, akuwerenga ndi zala pa ntchafu. Nyimbo inakwera, inakwera, n'kufika pachimake.

Thu!

Piyano ya kiyi yakufa pamalo amenewo inalipo imodzi yokha, ndipo zala zoyimbazo zinali zake zomwezi.

Anakankha chitseko. Pakati pa holo panakhala mkwatibwi atafunditsidwa chitenje kumutu. Patsogolo pake, mu suti ya buluu, maso ali tsinzi, panaima Henderson akukoka uta wa vayolini. Amayi ankalulutira, ena akuti, "Mwamuna ni uyu!"

Lonjezo lija sanaphwanye. Nyimbo anaiyimbadi, ndipo piyano inali ya Atuweni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!

Atuweni anayenda m'mbali mwa khoma mpaka patebulo la zoyimbira, pomwe foni ya Henderson inalumikizidwa ku masipika, n'kuzula chingwe.

Piyano inati zii. Vayolini inapitirira yokha pang'ono, yopyapyala, ikufunafuna poponda, mpaka inasokonezeka n'kutsamwa. Henderson anatsegula maso, uta unatsala pang'ono kugwa.

"Atu..." Anafika pafupi akunong'ona. "Ndikufotokozera. Za Thandi zinayamba kale, makolo akudziwa. Plizi, osati pano."

"Ineyo ndinali chiyani?"

"Iwe ndiwe wapadera, dali."

"Dali ndi uyo wafunda chitenjeyo. Mkazi mwasankha, zikomo. Koma zala zanga simunalowole, achimwene. Malizani nokha nyimbo yanu, mwana wamasiye inu."

Mkwatibwi anavundukula chitenje yekha, osadikiranso mwamuna wake, n'kufunsa, "Hendo, uyu ni ndani?" Yankho lake Atuweni sanalidikire.

Misozi anaigwira mpaka pa siteshoni. Basi itangonyamuka, misoziyo inatsika yokha, ndipo sinaleke mpaka ku Leicester. Foni inalira kambirimbiri m'chikwama. Sanaiyang'ane.

Lolemba m'mawa anakapereka tiyi kwa Mayi Perl. Mayiwo anamugwira dzanja, n'kumuyang'anitsitsa ndi maso awo ofooka aja.

"Mawu ako asasa. Chachitika n'chiyani?"

"Nyimbo yanu ija anakaiyimbira mkazi wina. Ndi piyano yanga."

Mayi Perl anamusisita dzanja lija.

"Mkwatibwiyo analira?"

"Ayi, Mayi. Ndinalira ndine."

Potuluka anadutsa pa piyano ija. Anatseka chivundikiro chake, n'kupita kukatsuka makapu.