Kachule ka ku Chiperone

Sidónio sanakwere phiri la Chiperone chifukwa cha chule. Anakwera chifukwa amene ankafuna chuleyo anali Renato, yemwe anaphunzira kalasi imodzi ndi Cremilda, mkazi wa Sidónio, ku Milange, ndipo tsopano anali wofufuza za nyama ku Quelimane. Renato anapempha Cremilda kuti amulondolere kukhwawa kumene bambo ake ankafula njuchi.

"Kachuleka kamakhala m'masamba onyowa a m'nkhalango basi," anatero Renato. "Tikakajambula, tidzakhala ndi chonena kuti mitengo yotsalayi isagwetsedwe."

"Inenso ndipita," anatero Sidónio, akunola chikwanje.

Anadutsa minda ya nyemba yotsegulidwa kumene, zitsa zikufukabe. Atalowa m'nkhalango linthumbu linawabalalitsa. Renato ndi Cremilda ankadzikung'untha akuseka, akucheza m'Chipwitikizi chothamanga. Sidónio ankatema zitsamba kutsogolo, makutu ali kumbuyo.

Atafika pakhwawa anagawana mbali. Sidónio anakankha chipika chowola ndi phazi, ndipo anakaona kachule kaja: kofiirira, kochepa ngati chala chachikulu, kakhosi kakugunda. Anatsegula pakamwa kuti aitane. Nthawi yomweyo anaona Renato atagwira dzanja la Cremilda, akumuwolotsa pamwala. Anakokera masamba pakachuleko n'kupitirira.

"Kumeneko kuli kanthu, achimwene?" anafunsa Renato.

"Kulibe."

Masana mvula inagwa ngati ikuchita kukhuthulidwa. Khwawa linadzaza, njira inasanduka matope. Potsika, Renato anaterereka n'kugwera pakati pa miyala, mwendo n'kuthyoka. Cremilda anaumanga ndi nsungwi ndi mpango wake wakumutu. Sidónio anauyang'ana mpangowo, kenaka anawerama.

"Kwerani kumsana."

Anamubereka mpaka kumsewu. Renato ankabuula m'khutu mwake. "Mwina kanatha kale. Ndachedwa."

Sidónio anamukweza pagalimoto ya chimanga yopita ku Milange.

Kutacha, Cremilda akusenda chinangwa, Sidónio anaima pakhomo.

"Ndinakaona. Pansi pa chipika."

Mpeni unaima. Cremilda anamuyang'ana.

"Munthu wathyoka mwendo akuganiza kuti kanatha, inu muli chete?"

Sidónio anayang'ana pansi.

"Kamera yake wandisiyira," anatero Cremilda. "Mvula ikakata mukandionetse chipikacho."

"Wakusiyira iwe?"

"Ine."

Sidónio anatola chikwanje chake.

"Tipite awiri tokha," anatero.