Piyano ya ku Nkolokosa

Melvin Namaona anali munthu wouma mutu, wosathokoza msanga, wovuta kukhala naye. Koma akakhala pa piyano, mzinda wa Blantyre sunali womuyenera. Ndipo amene anamubera sanali mbala yodumpha mipanda. Anali munthu wodya naye m'mbale imodzi.

Melvin ankapeka yekha nyimbo za jazi, zopanda mawu, n'kumaziimba ndi anzake awiri, Dauda wa gitala ya besi ndi Kenny wa ng'oma. Tsiku lina anakapempha malo oimbira ku hotela ya Chiwale, pakati pa tauni. Mwini hotelayo, a Fahim, anamvera theka la nyimbo imodzi n'kuyang'ana wotchi.

"Achimwene, alendo anga amafuna zimene akuzidziwa kale. Zanuzi zingandithamangitsire makasitomala."

Melvin anatuluka. Anaganiza zojambula chimbale.

Piyano yeniyeni, ya zingwe, imene akanatha kuipeza inali m'holo ya tchalitchi chake ku Nkolokosa. Holoyo inkapezeka Lachinayi masana basi, nthawi imene amayi a Mvano amasonkhana m'tchalitchi, kuseri kwa khoma. Chester Matiki, mwini situdiyo ina ku Limbe, anabwera ndi mamaikolofoni ndi kompyuta yake. Atatuwo ankaimba pamodzi ulendo umodzi, osadula, osamata.

Ali mkati mwa nyimbo yomaliza, amayi aja anayamba nyimbo yawo yotsekera. Chester anakweza mkono kuti aime. Melvin anapukusa mutu, nachepetsa liwiro, dzanja lake lamanzere n'kuyamba kutsatira amayiwo mpaka kumapeto.

"Tibwereze," anatero Chester. "Mwalowa phokoso."

"Limenelo si phokoso. Musakhudze."

Lolemba lotsatira m'mawa, Chester anamuimbira foni Melvin akulira. Melvin anathamangira ku Limbe. Anapeza chitseko cha situdiyo chili pansi, loko atathyola, kompyuta palibe. Chester anali atakhala pakhonde, manja ali kumutu, atakanena kale kupolisi.

"Zonse zapita, mkulu wanga. Sindinasunge pena."

Melvin, munthu wosadziwa kutonthoza, anamugwira paphewa. Posakhalitsa Kenny anapeza ntchito ku Lilongwe, gulu lija n'kutha. Masana aja a Lachinayi sakanabwereranso.

Dzinja linadutsa. Loweruka lina masana, Melvin anapita ku hotela ya Chiwale ku madyerero a ukwati wa msuweni wake. Akudutsa m'chipinda chodyera, anaima. M'masipika munkatuluka nyimbo yake yachiwiri, imene anaipeka mayi ake ali m'chipatala. Anthu ankatafuna nkhuku.

Anawapeza a Fahim pakauntala.

"Nyimbo iyi mwaitenga kuti?"

"Mwaimva eti? Anyamata a ku Cape Town amenewo." Anamupatsa chimbale. Pachikuto panali azungu atatu ovala masuti, ndi dzina lachilendo. "Jazi ndi imeneyi, achimwene. Mukanaphunzirako. Alendo akugula ngati mandasi. Wowaimira kuno ndi Chester wa ku Limbe, ndinagula kwa iyeyo."

Palibe chipongwe choposa kuuzidwa kuti ukaphunzire kwa zala zako zomwe. Melvin analipira chimbalecho, natuluka osadya.

Kupolisi ya Limbe anakumana ndi wofufuza milandu, Mayi Tionge Likoswe, amene anali ndi nkhani ya kuthyoledwa kwa situdiyo ija.

"Bambo, nyimbo zopanda mawu aliyense angati ndi zake. Umboni wanu uli pati?"

"Ikani yomaliza. Kumapeto mukweze."

Mayi Likoswe anakweza. Pansi pa piyano panamveka mawu a amayi, patali, ngati akuchokera kuseri kwa phiri. Anabwereza kawiri.

"Awa akuimba Chinyanja."

"Wotsogolerayo ndi Mayi Alefa Sambani. Mukawapeza Lachinayi."

Lachinayi masana wapolisiyo analowa m'tchalitchi cha ku Nkolokosa. Amayi a Mvano anali m'mabulauzi awo oyera ndi masiketi akuda. Anawaikira nyimboyo. Onse anatchera khutu. Kenaka wina anaseka, n'kuloza mtsogoleri wawo.

"Ndine ameneyo," anatero Mayi Sambani. "Kutsokomolako mukukumva? Chifuwa chinandigwira mwezi umenewo. Akuti kuti? Cape Town? Mwanangu, ine ngakhale ku Mwanza sindinafikeko."

"Mungakanene zimenezi kukhoti?"

"Ndi yunifomu yomwe."

Lachisanu m'mawa galimoto ya polisi inaima pa nyumba ya Chester ku Mpingwe. Melvin anali pampando wakumbuyo. Chester anatuluka atanyamula kapu ya tiyi.

"A Matiki, chimbale ichi munachitenga kuti?"

"Kwa anzanga a ku South Africa, madamu."

"Nanga amayi akuimba kumapetowa?"

"Kwaya ya Chizulu imeneyo."

"Azulu a ku Nkolokosa?"

Tiyi anatayikira pa silipasi. Apolisi analowa m'nyumba. M'kabati ya zovala, pansi pa mabulangete, anapeza kompyuta ija imene mwini wake analumbira kuti inabedwa. M'galaja munali makatoni a zikuto zosindikizidwa, ndi chitsulo chimene anathyolera chitseko chake chomwe.

Chester anatembenukira kwa Melvin. Manyazi analibe.

"Mkulu wanga, tinene zoona. Ndi dzina lanu akanagula ndani? Namaona wa ku Nkolokosa? Ine ndachititsa kuti anthu akumveni."

"Sanandimve ine. Amva azungu ako atatu."

"Ndimafuna kudzakugawirani."

"Unandilirira pakhonde paja, ine n'kukugwira paphewa."

Mayi Likoswe anamumanga Chester unyolo. Anamuuza milandu yake: kuba, chinyengo, ndi kunamiza apolisi. Anansi anaima m'mipanda yawo kuonerera galimoto ikutsika kulowera ku Limbe.

A Fahim anafika kupolisi masana kudzapereka umboni wawo. Atatuluka anamupeza Melvin panja, nalankhula mokweza kuti onse amve.

"A Namaona, ine ndinapusitsidwa ngati inu nomwe. Tikonze. Loweruka lililonse malo ndi anu. Piyano yatsopano ndigula. Wang'oma wanu uja ndimubweretsa kuchokera ku Lilongwe. Chimbale nditulutsanso ndi dzina lanu, ndi nkhope yanu. Ndikunena pamaso pa anthu."

Melvin analibe ntchito yokhazikika. Nsapato zake zinali zitatha kuchidendene. Munthu wanzeru za dziko lino akanagwira dzanja limenelo ndi manja awiri.

"Nyimbo ndi zomwe zija munaziyang'anira wotchi, a Fahim. Sindinasinthemo kanthu."

"Ndavomera, ndinalakwa. Ndiye tiyambe liti?"

"Zikomo. Koma alendo anu amafuna zimene akuzidziwa kale. Apezereni ena a ku Cape Town."

Melvin anaika chimbale chija m'thumba la jekete, nawoloka msewu kukakwera minibasi. Lachinayi linali kubwera, ndipo anali asanawathokoze Mayi Sambani.