Mluzu wa Wosoka Nsapato

Nkhani za mizimu ine ndimazimvera khutu limodzi, chifukwa ukafunsa amene anaona amakuuza kuti ndi msuweni wa mnzake wa winawake. Koma iyi anaona ndi mlamu wanga weniweni, mkazi wa achimwene, munthu woti ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula amayamba watulutsa dzanja pawindo. M'chipindamo munalinso anthu ena awiri, ndipo onse ali moyo. Sizinachitikenso usiku ayi, kunali masana dzuwa likuswa mtengo.

Mlamu amajambula odwala ndi makina a sikani pachipatala china chachikulu. Ambirife timadziwa sikani ya amayi oyembekezera, koma iye amajambula minofu, makamaka ya anthu odwala matenda aja akumtundu ofooketsa minofu pang'onopang'ono. Kwa ena matendawa amayambira kumaso: munthu amalephera kutsinzina bwinobwino, kumwetulira, ngakhale kuimba mluzu. Mlamu amapaka mafuta oterera patsaya n'kuyendetsapo kamutu ka makinawo, chithunzi n'kumaoneka pakanema. Akuti mnofu wabwino umaoneka wakuda, ndipo mwini wake akasuntha mlomo umaoneka ukukhwinyata. Mnofu wodwala umayera ngati phulusa, n'kungokhala duu.

Mmodzi mwa odwala ake akalekale anali bambo wina wosoka nsapato. Bamboyo anazindikira matendawa ali pantchito: timisomali timene ankatigwira ndi milomo pokhoma zidendene tinayamba kumangogwa tokha. Pomwe mlamu ankawadziwa, nkhope yawo inali itauma kale. Ankati akamuuza mlamu nthabwala, n'kumuuza kuti aziseka yekha, iwo akusekera m'kati. Akalowa, chipinda chonse chinkanunkha guluu ndi polishi. Ndipo m'tsaya lawo lamanzere munali kansonga ka zingano kamene kanathyokeramo ali wophunzira ntchito. Pakanema kankawala ngati nyenyezi yokhala ndi kamchira, moti mlamu ankawaseka kuti ngakhale atabwera atavala chigoba, iye angawadziwe ndi zingano yawoyo. Bambowo anamwalira ndi chifuwa chaka chatha.

Patapita miyezi, mkazi wawo anabwera ndi mwana wawo wamkazi, mtsikana wamkulu ndithu, wogwira ntchito pasitolo ya nsalu. Mayiwo anali atamuona akugona maso ali otsekuka pang'ono, momwe bambo ake anayambira, ndipo chiyambireni tulo sankationa. Mtsikanayo anali ndi mnyamata womufunsira banja, koma anali atamuuza kuti adikire kaye. Anati sakufuna kunamiza mwana wa eni ake. Ngati matendawa ali mwa iye, mnyamatayo adziwe asanalowe.

Mlamu anatseka makatani monga mwa nthawi zonse, kuti kanema azioneka bwino. Mtsikanayo anagona chagada, mayi ake atakhala pampando pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo. Pamphumi mnofu unali wakuda. Kuzungulira maso, wakuda. Kenako mlamu anamuuza kuti aimbe mluzu.

Mtsikanayo anaseka, akuti chibadwire sanayesepo, chifukwa kwawo mluzu unali mlandu. Mayi ake anayang'ana pansi n'kufotokoza kuti pa unyamata wawo bambowo anali katswiri wa mluzu. Milomo itafooka, mwana wa oyandikana nawo akangodutsa akuimba mluzu, iwo ankasiya kusoka n'kulowa m'nyumba. Ndiye mayiwo analetseratu mluzu pakhomo pawo mwanayu asanabadwe n'komwe.

Mtsikanayo anayesa. Panangotuluka mpweya, fuu. Mlamu anamulimbitsa mtima kuti anthu ambiri abwinobwino satha mluzu, ngakhale achimwene anga amangolavula malovu. Onse anaseka, ndipo mlamu anaika kamutu kaja patsaya lamanzere.

Pakanema panayera mbuu.

Mlamu sanachite mantha, anangodabwa. Nkhope imene yangoseka kumene singakhale ndi mnofu wotero; kuyera kumeneko n'kwa munthu amene wadwala zaka zambirimbiri. Anapukuta kamutuko, kuthira mafuta ena, kuikanso. Chimodzimodzi. Anaganiza kuti mwina makina akuonetsa chithunzi chakale cha munthu wina, ndiye anadinikiza tsayalo. Chithunzi chinatsatira dzanja lake. Anasunthira kumunsi pang'ono, cha kukamwa.

Apo ndi pomwe anakaona. Kanyenyezi kowala, ndi kamchira kake.

Anafunsa mtsikanayo ngati chinthu china chinamubayapo patsaya. Anati ayi. Anayang'anitsitsa khungulo, linali see, lopanda ngakhale kachipsera.

Kumamveka kafani ka makina basi, ndi mawilo a bedi la wodwala akulira kutali pakhonde. Kenako fungo. Poyamba mlamu anayesa kuti ndi mankhwala okolopera. Ayi. Linali la guluu. Guluu ndi polishi. Mayi aja ananunkhiza, n'kucheukira kuchitseko. Chinali chotseka.

Mnofu woyera uja unasuntha.

Mlamu anayang'ana mtsikanayo. Milomo yake inali yotseka, maso ali kudenga. Anayang'ananso pakanema. Mnofuwo unkakhwinyata, kukokera kutsogolo, momwe umachitira munthu akasongola milomo. Zaka zonse zija anali asanauonepo ukutero.

Makinawo ali ndi kasipika komvera kuyenda kwa magazi. Kanali kozimitsa. Mlamu anakayang'ana kawiri.

Mluzu unatulukira mmenemo. Wapansipansi, woyera bwino. Unakwera, kutsika, kukweranso, ngati munthu akuitana wina mosafuna kuti ena amve. Usanafike kumapeto, unaduka.

Chikwama cha mayi aja chinagwa pansi.

"Anesi," ananong'oneza mlamu, "mwamva?"

"Ndamva, mayi."

"Ndi momwe ankandiitanira kuseri kwa mpanda wa kwathu, tisanakwatirane."

Ine ndikanakhalapo, ndikunena zoona, ndikanatulukira pawindo ndi makatani omwe. Koma mlamu akuti dzanja linakana kuchoka patsayapo. Ankafuna aone kuti zithera pati.

Kuyera kuja kunayamba kuchepa. Kunachokera m'mbali, kumapita pakati, ngati mpweya wa m'kamwa ukamachoka pagalasi. Mmene mwachoka munkatsala mnofu wakuda, wonenepa bwino. Kanyenyezi kaja kanatsala kokha. Kanathwanima kanthawi, n'kuzima. Fungo nalo linatha.

Mayi aja anaimirira, akuyang'ana m'malere pamwamba pa bedi. Analankhula mwaulemu, monga ankalankhulira nawo ali moyo.

"Bambo a mwana, mwabwera kudzatenga, kapena kudzasiya?"



Mtsikanayo ndi amene anadzutsa mutu n'kufunsa kuti bwanji onse akhala chete, nanga amayi akulankhula ndi ndani. Iye sanamve mluzu uliwonse. Fungo sanalimvenso. Anangomva tsaya likutentha pang'ono, n'kuyesa kuti ndi makina.

Mlamu anaitana dokotala, osamuuza za mluzu, poopa kumuyesa wozungulira mutu. Anamujambulanso mtsikanayo ndi makina ena a chipinda china, ndipo minofu yonse inali yabwinobwino. Zithunzi zimene mlamu anasunga nthawi ija nazo zinali zakuda, zopanda kanyenyezi. Dokotala anati sikani payokha simaliza nkhani, atenge magazi akayezedwe. Mlamu anatsala akufufuza makina ake mpaka kuitana wokonza, yemwe anati alibe vuto ndipo kasipikako sikangalire kali kozimitsa.

Zotsatira za magazi zinachedwa, monga mudziwa. Tsiku lomwe zinafika, mayi ndi mwana anabweranso. Dokotala anawauza kuti mtsikanayo sanatengere matendawa, ndipo palibe chodabwitsa, chifukwa si ana onse amene amatengera. Zogona maso ali otsekuka pang'ono, anati ena amangobadwa choncho. Mlamu anavomereza kuti n'zoona, ndipo mpaka lero amavomereza. Mtsikanayo analira ndi chimwemwe, n'kutulutsa foni kuti amuuze mnyamata uja kuti kudikira kwatha.

Mlamu anawaperekeza pakhonde, akuyenda ndi mayi aja pambuyo. Mtsikanayo anali patsogolo, foni ili kukhutu, akudikira kuti iyankhidwe. Podikirapo, mosaganizira n'komwe, anasongola milomo.

Mluzu unakwera, kutsika, kukweranso. Pamene unadukira tsiku lija, sunaduke. Unapitirira mpaka kumapeto, n'kuthera pakamawu kokhota kamene mlamu anali asanakamvepo.

Mayi aja anagwira khoma. Misozi inali ikutsika, koma ankamwetulira.

"Mwanawe," anatero, "wakuphunzitsa ndani?"

Mtsikanayo anacheuka, akudabwa kuti funsolo labwera bwanji.

"Palibe, amayi. Ndangodzuka nayo m'kamwa."