Ng'oma Yolemera ya a Rafaelo

Vinsenti anayamba kudabwa ndi mawu a ng'oma. Inali ng'oma yaikulu, yokutidwa chikopa mbali zonse ziwiri, imene bambo ake, malemu a Rafaelo, anasema ndi manja awo. Kale ikalira kuphiri kwawo, anthu ankaimva mpaka ku Chimbiya. Koma kutatsala masiku asanu kuti kwaya ya mpingo wawo ikwere ndege kupita ku chikondwerero ku Ulaya, ng'omayo inkangoti fu, fu, ngati munthu wachifuwa. Anaiwamba pamoto, koma ayi ndithu.

Munali mu Juni chaka cha 1995, kukuzizira koopsa. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itatha, koma mfuti ndi minyanga ya njovu zinkadutsabe m'tinjira ta m'malire, ndipo wanzeru ankangoyang'ana kumbali.

Usiku umenewo Elena, mkazi wa Vinsenti, anamugwedeza.

"Bambo a Agatha, mukumva?" ananong'ona.

M'khitchini ya panja, momwe ankasungamo ng'omayo, munkamveka go, go, go, pang'onopang'ono, ngati wina akukhoma zikhomo koma sakufuna kumveka. Vinsenti atatuluka ndi nyali anapeza chifunga chokhachokha, chitseko chili pululu.

Usiku wachiwiri galu wawo anauwa kawiri, kenako kunamveka kulimbana, kenako zii. Kutacha anamupeza pakhomo la khitchini, khosi lotemedwa ndi chikwanje, mutu utangotsala pakachikopa. M'mano mwake munali magazi ndi kachidutswa ka nsalu. Vinsenti analira ngati wafedwa mwana, ndipo sanachite manyazi.

Mudzi sunachedwe kupeza yankho. Akuti mzimu wa a Rafaelo ukukana kuti ng'oma yawo iwoloke nyanja. Ena akuti anaona mkuluyo ataima pamunda wa kabichi. Anthu a kwathu, pa zoterezi amaona ndi maso anayi.

Usiku wachitatu Vinsenti anabisala kuseri kwa chitseko ndi mpini wa khasu. Anamva udzu ukuphwanyika, kenako mpweya wa munthu pafupi ndi khutu lake. Asanatembenuke, chinthu chinamugunda pankhongo, nagwa chafufumimba. Anapondedwa m'nthiti katatu. Elena anamupeza m'bandakucha akusanza magazi, mano awiri ali pansi.

Oyamba kudzamuzonda anali a Gerevazio, mkulu wa kwaya, amenenso anali achimwene a Elena.

"Alamu, akufa sapikisana nawo," anatero motsitsa mawu, manja ali m'magolovesi a ubweya. "Ng'omayi musaitsegule, mungawakwiyitse koposa. Tiikulunge m'masaka, tilembepo dzina lanu, bambo anu aone kuti ili ndi mwana wawo."

Vinsenti anafunadi kuitsegula, pakuti zikhomo zina zinkaoneka zatsopano. Koma mlamu wamkulu ungamutsutse bwanji atabwera kudzakupepesa? Anavomera.

Pabwalo la ndege ku Lilongwe, pakhoma panali chithunzi cha zinthu zoletsedwa: mfuti, mipeni, mafuta oyaka, minyanga. Mayi wa pa kauntala anawauza kuti zida zoimbira zikuluzikulu zimapita padera, ndipo ziyenera kuyezedwa. A Gerevazio anavula golovesi imodzi kuti agwire bwino chingwe, nakweza ng'omayo pasikelo.

Makilogalamu makumi atatu ndi limodzi. Vinsenti anali ataiyeza mwezi wathawo pasikelo ya chimanga ku Linthipe, ndipo inali khumi ndi asanu ndi atatu. M'kati munagubuduka china chake, gwede, ngati mafupa. Apo m'pamene Vinsenti anaona dzanja la alamu ake: lotupa, lamafinya, mabala a mano a galu ali pamzere.

A Gerevazio anaona kuti waona. Anamwetulira, namuyandikira ngati akumukonza kolala.

"Ndi minyanga iwiri yokha, yodulidwadulidwa," ananong'ona. "Galu uja nayenso ankafuna kuuwa. Elena ndi Agatha ali okha kumudzi, ndipo anzanga akudziwa khomo lake."

"Mlongo wanu yemwe?" anafunsa Vinsenti.

A Gerevazio anangobwezera golovesi.

Mayi uja anamata pepala la dzina la Vinsenti pasakapo, nadzutsa maso. "Bambo, katunduyu mwalongedza nokha? Palibe wina amene anamugwira?"

Vinsenti anayang'ana wapolisi amene anaima pafupi ndi makina ounikira katundu. Anali pafupi kwambiri, koma kumudzi kunali kutali.

"Ndalongedza ndekha, mayi," anayankha.

Lamba wonyamula katundu anayamba kuyenda, ndipo ng'oma ya bambo ake inalowa m'makinamo itanyamula dzina lake.