Miyala ya Laimu ya ku Dzalanyama

Nkhani iyi si ya kumowa ayi. Anandiuza ndi a Fanuel Jailosi eni ake, a kufupi ndi Namitete, munthu amene ngakhale thobwa lowawasa ankalikana. Chipsera cha pamwamba pa diso lawo ndinachiona ndi maso angawa.

Inali nthawi ya Chitaganya, mwezi wa Juni. A Fanuel anali pa ganyu yolambula njira yotchinga moto m'nkhalango ya Dzalanyama. Njirayo inkazungulira phiri lina n'kudzatulukira pomwe yayambira, ndipo woyenda ankapaka miyala laimu kuti akapitawo azidziwa podutsa. Inali njira yoswa mawondo, ya maphompho ndi tsekera wobisa munthu.

Tsikulo anatenga mlamu wawo Gideoni, mlongo wa akazi awo a Sabina, amene anakulira ku esiteti ya fodya ku Nsaru. Gideoniyo za kumapiri sankazidziwa, koma mphamvu zokha, eee, ngati ng'ombe yapangolo.

"Mlongo wanga ndi yekhayu," anatero a Sabina powapatsira mbatata yootcha. "Mwapita awiri, mubwere awiri."

Poyambira njirayo panali mulu wa miyala, pamene panafera munthu wapaulendo kalekale. Aliyense wodutsa amaponyapo mwala, ndiwo moni wake kwa mwini malo. Kuchotsapo sachotsapo. A Fanuel anaponya wawo mwachizolowezi, osamufotokozera mlamu wawo, n'kutsikira kukhwawa kukasungunula laimu m'chitini. Gideoni anamusiya pamulupo akunola chikwanje.

Anakwera phompho loyamba chokwawa, zala zikugwira mizu. Atafika pamwamba, pamene pali udzu wokhawokha, Gideoni anatula thumba pansi n'kukhuthula miyala yosalala bwino.

"Ndaganiza bwino eti, alamu? Kuno kulibe yopaka."

A Fanuel anali atapaka kale ingapo pamene mutu unawabwerera.

"Kodi mwaitenga kuti imeneyi?"

"Pamulu paja. Yangounjikana chabe."

A Fanuel anasuzumira kuphompho kumene anachokera. Kutsikanso pamenepo? Apa ndi pamene analakwa mkuluyu, ndipo kunena zoona ine ndikanalakwanso chimodzimodzi.

"Tolani yonse," anatero. "Njirayi ndi yozungulira. Tikabweza tikatulukira."

Anabwezera miyala m'thumba, laimu akadali wamadzi, Gideoni n'kusenza. Dzuwa lili pamutu, chifunga chinatsika. Anyani amene ankabwebweta kutsidya anangoti zii. Mbalame zinaleka. Kenako kunabwera fungo lija limamveka miyala iwiri ikagundana mwamphamvu, fungo la moto wopanda utsi.

Kumbuyo kwawo kunamveka go! Mwala pamwala.

"Ndi anyani," anatero Gideoni, koma mawu ake anali atachepa.

Atakhala kuti apume, thumba linali lopepuka. Analitembenuza. Silinabooke, koma munalibe kanthu, mumangotuluka fumbi loyera.

"Alamu, tiyeni," ananong'ona a Fanuel. "Musacheuke."

Mwala woyamba unamupeza Gideoni paphewa. Unagwera pamapazi pawo, woyera ndi laimu. Wachiwiri unamuphwanya khutu. Woponya sankaoneka. Miyalayo inkatuluka m'chifunga, ina kumanja, ina kutsogolo, ndipo ikagwa pansi, ukayang'ananso palibe.

Anathamanga. Tsekera ankawacheka kumaso. Gideoni anagwa, anadzuka, mwala unamumenya pakamwa, analavula mano m'dzanja lake n'kuwayang'ana ngati si ake.

"Pepani eni malo!" anafuula a Fanuel, akuwomba m'manja. "Ndi mlendo uyu! Sanadziwe! Tikubweza!"

Yankho linali mwala wa pabondo. Fupa linalira ngati nkhuni youma.

A Fanuel anamugonera pamwamba, anamuphimba mutu ndi chifuwa chawo, nati ngati n'kufa tife tonse. Koma ayi. Iwo miyalayo sinkawakhudza. Ankangomva thupi la mlamu wawo likudumpha pansi pawo, di! di! di! ngati munthu akupuntha nyemba m'thumba. Magazi ofunda anawanyowetsa malaya.

"Alamu," anatero Gideoni, "ndimati ndikuthandizeni."

Anamubereka kumsana. Mtsetse wotsala wa njirayo anautsika chokhala, akuterereka, akulira ngati mwana, akumuuza kuti tafika, limbani mtima, tafika. Miyala inkabwerabe. Inkadutsa pafupi ndi khutu lawo n'kutera pamsana pa Gideoni. Manja amene anawagwira m'khosi anayamba kumasuka. Kenako mpweya wa Gideoni umene ankaumva pakhosi pawo unaleka.

Pomwepo miyala inalekanso.

Anatulukira pamulu paja dzuwa litapendeka, chifunga chitayera ngati sikunachitike kanthu. Miyala yonse ya Gideoni inali pamwamba pa mulu, yosanjikidwa bwinobwino. Mbali ina yoyera, mbali ina yofiira, magazi asanaume.

Mphamvu zinawathera. Anagoneka mtembo pambali pa njira, anaufunditsa masamba a msuku, n'kuthamangira kumudzi kukaitana anthu.

M'mawa mwake anakwera ndi amuna a m'mudzi atanyamula machira. A Yesaya, amene anali nawo pagululo, anandiuza zomwezi osasintha ngakhale liwu limodzi. A Sabina anawatsatira, anakana kutsala. Atafika sanapeze masamba aja. Anapeza milu iwiri. Watsopanowo unali wofika m'chiuno, ndipo m'munsi mwake munkaoneka nsapato ya tayala, phazi lili momwemo. Pa mame panalibe mapazi a munthu aliyense.

Palibe amene analimba mtima kuchotsapo mwala. Machira aja anangowatula pansi.

A Sabina anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Malaya anali gwa ndi magazi, koma pathupi panalibe bala la mwala ngakhale limodzi.

"Ndinati mubwere awiri," anatero motsitsa.

Anawerama n'kutola mwala m'njira. Anthu ankayesa akuponya pamulu kuti atsanzike mlongo wawo. Unatera pamwamba pa diso la a Fanuel, magazi n'kuchita kutsetsereka mpaka kuchibwano. Iwo sanadzitchinjirize, sanapukute.

Ndiwo mwala wokhawo umene unawagunda paphiri lija. Amene anaunjika mulu wachiwiriwo sadziwika mpaka lero, koma odutsa amaponya miyala iwiri.