Dzanja la Pansi pa Bwato

Madzulo amenewo Atelala ankaanula nsalu pachingwe pamene kudooko kunamveka kuseka kwa alendo ochokera kumathithi. Anaima chilili mpaka phokosolo litazilala. Inali miyezi isanu chimirire mwana wawo wamkazi padziwe la pansi pa mathithiwo, ndipo mtembo sunapezeke. Maliro analira, koma manda oti n'kukasesapo analibe.

Mtsikanayo anali wachitatu kumira. Anayamba ndi mphunzitsi, kenako woumba njerwa, onse akatswiri osambira. Kumathithiko kunalibe msewu, ndipo bwato lokhalo lotha kukwera mtsinje waliwirowo linali la mchimwene wawo wa Atelala, nkhalamba yomwe anthu ankaitcha Ankhafi. Amuna adzitho akayesa kupalasa mabwato awo ankabwerera panjira manja atachita matuza. Koma Ankhafi, munthu woti ndowa yamadzi inkawadzandiritsa, ankanyamula anthu khumi, nkhafi akungoiviika ngati akutakasa tiyi. Anthu ananong'onezana. Ena ankati pansi pa bwatolo pamagogoda, ena ankati limanunkha ngati nsalu yoiwalika m'madzi. Koma likafika padooko, onong'onawo ndiwo ankayamba kulimbirana malo.

Atapinda nsaluzo, Atelala anapita kwa mchimwene wawo.

"Achimwene, mawa mundinyamule. Ndikaone pomwe anathera mwana wanga."

"Mukatani kumeneko, mlongo wanga? N'kutokosa chilonda kumeneko."

"Chilondacho n'changa."

M'mawa, asananyamuke, Ankhafi anachenjeza onse kuti wina asapise dzanja m'madzi asanafike kumathithi, m'njiramo muli ng'ona. Anadutsa m'mabango, m'matanthwe, mpaka mkokomo wa mathithi unaphimba mawu a anthu. Alendo analumphira m'dziwe, kusambira, kujambulana, Ankhafi n'kukwera pathanthwe kukawayang'anira. Atelala anatsala okha m'bwato. Anaitana mwana wawo katatu, mkokomo n'kumeza dzinalo. Analira ndithu, kulira kwa munthu amene wasiya manyazi.

Kenako anazindikira kuti bwatolo silinamangidwe paliponse, komabe linali duu, madzi akuthamanga mbali zonse. Pansi pa mapazi awo panamveka go, go. Anapisa dzanja m'madzi.

Dzanja lina linawagwira. Linali lozizira, lokhakhala ndi ntchito. Silinawakoke. Linangowakanda pachikhatho kawiri ndi chala chimodzi. Atelala anakuzindikira kukandako. Mwana wawo ali wamng'ono ankawakanda choncho pamaso pa alendo, pofuna kunena kuti ali ndi njala. Anasuzumira. Pansi pa madzi panali mapewa atatu atasenza bwato, ndi nkhope ija ankaidziwa. Inayasamula kuti ilankhule, koma m'kamwamo munalibe lilime.

Atadzutsa mutu, anaona Ankhafi ataima pambali pawo.

"Achimwene! Mwana wa mlongo wanu?"

"Tsitsani mawu."

"Mundibwezere mwana wanga!"

"Amene walowa pansipo satuluka. Mukaulula, anthu atentha bwatoli. Likapsa, onse atatu apita nalo, ndipo dzanjalo simudzaligwiranso."

Atabwerera, amayi anzawo anawazungulira padooko kufunsa zomwe anaona.

"Madzi basi," anayankha Atelala.

Kuyambira tsiku limenelo makina awo osokera anachita dzimbiri. M'mawa uliwonse Atelala ankakwera bwato la mchimwene wawo, n'kukhala kumbuyo kwenikweni, buledi ali m'manja, dzanja lili m'madzi ulendo wonse. Anthu ankawamvera chisoni, amati imfa ya mwana yawazunguza mutu. Ndi mchimwene wawoyo sanalankhulanenso.

Mvula itayamba, mtsinje unadzaza, ndipo dzanja lija linayamba kunjenjemera ndi kutopa. Sabata yomweyo padziwe paja panamiranso munthu, mwana woyamba wa mayi woyandikana nawo nyumba. Atelala anapita kumaliro, nakhala pamphasa pambali pa mayi wofedwayo, namugwira mutu akulira. Nawonso misozi inkatsika, koma mumtima ankathokoza kuti mwana wawo wapeza womulandirako katundu.